Nyambo Zisanu za a Rafaeli Zuze

Ku Bangwe mukafunsa za a Rafaeli Zuze, anthu sayamba n'kukulozerani nyumba yawo. Amayamba aseka kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Okayikira aja?" Ndi omwewo. Munthu wamtali, woonda, wa zaka 62, woyenda ndi bolopeni yofiira m'thumba la malaya ngakhale popita ku maliro. Akagula mazira amawagwedeza limodzilimodzi pafupi ndi khutu. Akalandira khadi la ukwati amaliwerenga kawiri, kachiwiriko akufunafuna pamene wolemba wapunthwa. Ngakhale wansembe alengeze kuti ubatizo uliko Loweruka pa 14, iwo amakafika kunyumba n'kukayang'ana pa kalendala ngati pa 14 palidi Loweruka.

Sanabadwe otero ayi, inawapanga ndi ntchito. Anachoka ku Nsanje ali ndi zaka 19, malume awo n'kuwapezera malo osesa zinyenyeswa za mapepala pa kampani ina yosindikiza mabuku. Kapitawo wa kumeneko, a Wahabu, anawapeza tsiku lina atatsamira tsache akuseka okha, atatola pepala lotayidwa limene munali dzina la munthu mmodzi lolembedwa mitundu itatu. A Wahabu anali ndi njira yawo yoyesera owerenga atsopano. Ankalowetsa dala zolakwa zingapo pa tsamba, n'kuzilemba pa kapepala kobisa. Zolakwa zoika dalazi ankazitcha nyambo. Ukazipeza zonse wapambana, ukaphonya imodzi ubwerere ku tsache. Mnyamata wa ku Nsanje uja anapeza nyambo zonse, n'kuwonjezerapo ziwiri zimene a Wahabu eni ake sankazidziwa.

Kuyambira tsiku limenelo anakhala pa tebulo lowerengera zaka pafupifupi makumi anayi. Mabuku a sukulu, mabuku a nyimbo, makalendala, timapepala ta ndondomeko ya maliro, zonse zinkadutsa pansi pa bolopeni yawo. Pa kampanipo panali mawu akuti tsamba limene ladutsa a Zuze silibwerera. Iwo mawu amenewa ankawakonda kuposa dzina lawo la ubatizo. Ndiye mu 2019 kampani ija inagula makina atsopano, inachepetsa anthu, a Rafaeli n'kupezeka ali pakhonde ku Bangwe, akukwiyitsa akazi awo, a Sophie, ndi nkhani za zikwangwani za pamsika zolembedwa mokhota.

Anawapulumutsa ndi a Doreen Makwinja, mwana wa mnzawo wakale wa kosindikiza kuja. A Doreen anali ndi kakampani ka anthu asanu ndi mmodzi m'nyumba ina ku Chinyonga. Kampaniyo inalemba pulogalamu ya kompyuta yotumiza mauthenga pafoni kwa odwala, kuwakumbutsa tsiku lobwerera kuchipatala. Akatswiri a kwina akafuna kulumikiza mapulogalamu awo ku imeneyi, ankatsegula buku la malangizo la masamba mazana atatu. M'bukumo munali dzina la lamulo lililonse limene kompyuta imamvera, zimene lamulolo limachita, ndi chitsanzo chake. Tsono kompyuta si munthu woti n'kukumvera chisoni. Dzina likalembedwa mosiyana pa tsamba 40 ndi pa tsamba 212, wokopera amatenga lolakwikalo, kompyuta n'kukana, iyeyo n'kuswa mutu tsiku lonse poyesa kuti walakwitsa ndi iye. Chonsecho anyamata a Doreen ankalemba aliyense mmene wadzukira. Uyu Chingerezi cha ku Mangalande, uyo cha ku Amereka, winayo kuyamba ndi chilembo chachikulu Lolemba, chaching'ono Lachiwiri.

A Rafaeli sankadziwa kulemba pulogalamu, ndipo sankanamizira kuti amadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti chinthu chimodzi chimakhala ndi dzina limodzi. Anakhazika anyamata aja pansi, anagwirizana kalembedwe ka liwu lililonse, ndipo wosemphana ndi panganolo ankapeza pepala lofiira pa desiki pake. Chaka choyamba ankakonza papepala. Kenako anaphunzira kulowetsa okha zokonzazo pa kompyuta. Makasitomala anasiya kudandaula, ndipo a Doreen ankati akabwera alendo, n'kuwalozera a Rafaeli ngati akulozera jenereta yatsopano. Kwa munthu amene anatayidwa kamodzi, mpando uja unali zonse. Unkawadzutsa m'mawa, kuwaveka malaya osita, n'kuwabwezera dzina lawo. Chimene ankaopa kuposa imfa chinali kutayidwanso kachiwiri.

Amene anawaphunzitsa kompyuta anali Jonas Fole, bambo wa mwana mmodzi, katswiri weniweni wa pa ofesipo. Jonas anali wa ku Bangwe konko, wa parishi imodzi ndi a Rafaeli. Mayi ake, ochokera ku Ngabu, anali mphakati umodzi ndi a Sophie, ndiye iye ankawaitana a Rafaeli kuti "ababa", monga amachitira a kwawo ku chigwa. Anali munthu wofatsa, wosalankhula asanafunsidwe. A Rafaeli ankati anthu ofatsa ndi amene amafunika kuwayang'anitsitsa, koma uyu yekha anali atamuchotsa pa mndandanda wa owakayikira.

Zinthu zinayamba kuwanunkhira pang'onopang'ono. Poyamba inali pulinta. Mapepala ankatuluka otuwa, ndipo iwo anatsimikiza kuti wogula inki akutenga yachinyengo ku Limbe. Kenako sikirini yawo inayamba kuoneka ngati yapakidwa mafuta, iwo n'kumaganiza kuti wina wawasinthira ndi yakale. Atadandaula kunyumba, a Sophie anati, "Bwanji osapita akakuoneni maso, abambo a Rejoice?"

"Munamvapo a zamaso atauza munthu kuti maso ake ali bwino?" anayankha a Rafaeli. "Akatero magalasi awo agulitsa kwa ndani?"

A Sophie anangopitiriza kupalasa makina awo osokera. Zaka zambiri za ukwati zinawaphunzitsa kuti mawu ena amafunika kuwasiya kaye azizire.

Chimene chinawatulutsa thukuta chinali msonkhano wina wa Lolemba. Mnyamata wina anatchula kuti masiku ano kuli mapulogalamu otha kuyang'ana okha kalembedwe ka mawu. A Doreen anangoti aganizirapo, nkhani n'kupita kwina, koma a Rafaeli sanamvenso china chilichonse. Anabwerera pa desiki. Buku lija linali ndi kaundula wake: aliyense wokhudza tsamba, kompyuta inkalemba dzina lake, tsiku, ndi kuchuluka kwa malo amene wasintha. Iwo anali asanavutikepo kumutsegula kaundulayo, poti munthu amene ntchito yake sibwerera akafunamo chiyani? Tsiku limenelo anamutsegula, mphuno pafupi ndi galasi, n'kuyamba kutsika nawo mayina. Zuze, Fole. Zuze, Fole. Zuze, Fole. Tsamba lililonse limene iwo amaliza, m'mawa mwake Jonas ankalowamo, ena asanafike, n'kusintha zinthu. Anabwerera m'mbuyo miyezi itatu, isanu, khumi. Paliponse pamene iwo aponda, Jonas anali atapondaponso.

Munthu satsata mnzake m'mapazi chaka chathunthu popanda chimene akufuna. A Rafaeli anayamba kukumbukira zabwino zonse zimene Jonas anawachitira, ndipo chilichonse chinasanduka umboni. Suja anawasunthira desiki pafupi ndi windo, akuti kuti azipitidwa kamphepo? Kunali kuwachotsa pakati pa anthu. Suja anawakulitsira zilembo pa sikirini, akuti ndiyo sitayilo ya masiku ano? Kunali kuwaonetsa ukalamba pamaso pa madamu, a Doreen. Ndipo iwo ankathokoza, n'kumakamuyamikira kwa mayi ake pa tchalitchi. Zoona, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Munthu wina akanangomuitana Jonas n'kumufunsa. Koma a Rafaeli ankakhulupirira kuti kufunsa wakuba ndi kumuphunzitsa kubisa. Anakumbuka a Wahabu. Lachinayi masana anamaliza kukonza mutu wachisanu ndi chinayi wa buku lija, kenako n'kulowetsamo dala nyambo zisanu. Anazilemba pa kapepala ndi zilembo zikuluzikulu, anakapinda kanayi, n'kukabisa m'thumba la mkati la jekete. Ankafuna kuona chimene mnyamatayo amachita akalowa m'munda wa eni. Lachisanu anagwira ntchito zina, akumwetulira aliyense, mpaka wophika tiyi anafunsa ngati ali bwino. Lamlungu ku Misa anamupatsa Jonas moni wa mtendere ndi nsonga za zala.

Lolemba anafika asanatsegule geti. Kaundula anali ndi mzere watsopano: Fole, mutu wachisanu ndi chinayi, malo 19. A Rafaeli anawerenga nambalayo katatu. Iwo anaika zisanu. Nanga khumi ndi zinayi zinazo zachokera kuti, m'mutu umene iwo eni ake anaupeta mzere ndi mzere? Yankho linali limodzi basi. Jonas ankawononga yekha mawu, kenako n'kuwakonza, kuti tsiku lina adzatsegule kaundula pamaso pa madamu n'kunena kuti onani, madala aja ntchito yawakanika. Zachisoni kunena, koma a Rafaeli anamva kukoma. Munthu wokayikira mtima wake umakhala pansi pokhapokha akapeza kuti sankakayikira pachabe.

Nthawi ya nkhomaliro anamutsata Jonas ku chiwaya cha tchipisi, kumsewu. Anadikira kuti alandire mbale, kenako anamuimirira pambali.

"Iwe Jonas, m'buku langa umafunamo chiyani?"

Jonas anasiya foloko m'mbale. Nkhope yake inagwa, ndipo a Rafaeli anaiona bwino imeneyo.

"Ababa, mwaona kaundula?"

"Ndamuona. Chaka chonse ndamuona. Mawa ndikutula nkhaniyi kwa madamu, iwe uli pomwepo."

"Ayi ababa, pulizi, isafike kwa madamu. Sizili mmene mukuganiziramo. Tiyeni tikakambirane kunyumba kwanu madzulo ano, amayi alipo. Ndibwera ndi mayi anga."

"Nkhani ya ku ofesi ikatani kwa amayi ako? Ukufuna akupepesere?"

"Ndikukupemphani ngati mwana wanu. Ingondipatsani lero lokha."

A Rafaeli anaseka chamumtima. Wosalakwa sapempha kuti mlandu ukakambidwe kukhonde. Anatembenuka n'kumusiya ali chilili, tchipisi chikuzizira m'manja. Madzulo ake Jonas anabweradi ku Bangwe, koma iwo anauza a Sophie kuti amubweze pageti, ndipo sanawafotokozere chifukwa chake. A Sophie atafunsa kawiri, anangoti za ku ntchito ndi za ku ntchito.

Lachiwiri anavala jekete la ku Misa. Atangofika a Doreen, iwo anagogoda.

"Madamu, ndili ndi mlandu. Ndikupempha Jonas akhalepo."

A Doreen sanali munthu wokonda milandu asanamwe tiyi, koma mnzawo wa bambo awo sakanawabweza. Jonas analowa, anakhala pampando wa pakona, manja pakati pa maondo. A Rafaeli anayamba patali, monga amachitira ku mphakati. Anathokoza chifukwa cha ntchito, anatchula malemu bambo a Doreen, anafotokoza za a Wahabu ndi nyambo zawo. Kenako anatulutsa kapepala kaja n'kukatambasula pa tebulo.

"Ine ndinaika zisanu, ndi izi. Iye wakonza 19. Afotokoze kumene watenga khumi ndi zinayi zinazo."

"Jonas, ndi zoona?" anafunsa a Doreen.

"Ndinasinthadi malo 19, madamu."

"Zinazo unaziika ndiwe?"

Jonas anayang'ana pansi, osayankha. A Rafaeli anagwedeza mutu mokhutira, poti kwa iwo kukhala chete kunali kuvomera.

"Chabwino, sitivutika," anatero a Doreen, akukokera kompyuta pafupi. "Kaundula samangosunga amene wakonza, a Zuze. Amasunganso amene analemba cholakwacho poyamba."

Zimenezi a Rafaeli sankazidziwa. A Doreen anaonetsa tsambalo pa sikirini yaikulu ya pakhoma, n'kuyamba kutsata malo aja amodziamodzi. Poyamba ankawerenga mokweza. Atafika pa achinayi mawu awo anatsika. Atafika pa achisanu ndi chiwiri anasiya kuwerenga, n'kumangodina.

"A Zuze," anatero pomaliza, "onse 19 ali ndi dzina lanu. Malo ambiri mawu anali bwinobwino. Inu munawakhudza Lachitatu m'mawa, n'kuwasiya olakwika."

"Ndiye kuti analowa ndi dzina langa. Ndi iye anandiikira pasiwedi."

"Lachitatu m'mawa Jonas anali ndi ine ku Zomba, kwa kasitomala."

A Doreen anawayang'ana a Rafaeli nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira khoma limene wangoliona kumene kuti lili ndi mng'alu. Kenako anaika mayina awiri a malamulo pa sikirini, lina pamwamba lina pansi.

"Bambo, mundikhululukire. Awiriwa ndi ofanana kapena osiyana?"

A Rafaeli anaimirira. Anayandikira khoma, anayandikiranso, mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Zilembo zinali ngati nyerere zoyandama m'madzi a mpunga. Anatsinzina, anaphethira, anapendeketsa mutu.

"Ofanana," anatero.

Palibe anayankha, ndipo iwo anamva yankho m'kusayankhako. Anabwerera pampando akupapasa m'mphepete mwa tebulo, n'kukhala pansi mosamala ngati munthu wochira kumene. Manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire. Sanayang'ane madamu, anayang'ana kukona kuja.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira Pasaka wa chaka chatha, ababa," anatero Jonas motsitsa.

A Doreen anamenya tebulo ndi chikhatho. "Chaka ndi miyezi inayi, Jonas? Ukugwira ntchito ya anthu awiri, ine osadziwa kanthu? Nanga tsiku lina ukanadwala, buku n'kupita kwa kasitomala lili choncho? Unayenera kundiuza."

"Madamu, ine ndikanayambira pati? Munthu wa msinkhu wanga kukauza bambo ngati awa kuti sakuona? Kwathu sizitheka zimenezo. Kubwera kwa inu kukanakhala kuwachotsetsa ntchito. Ndiye ndinauza mayi anga, iwo anakauza amayi a Rejoice. Yankho linabwera lakuti ndizingokonza mwakachetechete, iwo aziwanyengerera za kuchipatala."

A Rafaeli anamva dzina la akazi awo ngati mbama. Anakayikira wogula inki, anakayikira sikirini, anakayikira a zamaso, anakayikira mwana uyu. Koma pangano lenileni linapangidwa pakhonde pawo pomwe, pambali pa makina osokera, ndipo linali lowateteza.

A Doreen anapuma mozama. Sanali munthu wouma mtima, koma anali ndi anthu asanu ndi mmodzi owayang'anira ndi makasitomala osadziwa za ulemu wa ku chigwa.

"A Zuze, zimene ndaona sindingazibweze m'thumba. Kuyambira lero buku likhala m'manja mwa Jonas. Inu pitani kuchipatala. Mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa. Mukabwerako tidzaona."

Aliyense amene anagwirapo ntchito mu Blantyre amadziwa kulemera kwa mawu akuti tidzaona. A Rafaeli anawamvapo kale mu 2019. Kusiyana kwake kunali kwakuti ulendo uno palibe makina amene anawachotsa. Anadzinyamula okha, atavala jekete la ku Misa, n'kukadzitula pamaso pa bwana, mnyamata akuwagwira mwendo kuti asapite. Jonas anafuna kuwaperekeza ku siteji, koma iwo anakweza dzanja osatembenuka, iye n'kuima pakhomo.

Anafika ku Bangwe dzuwa lili paliwombo. A Sophie anali pakhonde akusoka yunifolomu ya mwana wa eni. Anasiya kupalasa ataona jekete lija likulowa pageti nthawi yosayenera.

"Mwaweruka msanga."

"Munkadziwa," anatero a Rafaeli, ali chiimire.

A Sophie sananamizire kudabwa. Anachotsa nsalu pa mpando wina kuti amuna awo akhale.

"Ndinkadziwa. Ku Misa mumagwira buku la nyimbo, koma masamba simutembenuza. Mumaimba za pamtima."

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuzani kangati, abambo a Rejoice? Ulendo womaliza munati ndapangana ndi ogulitsa magalasi. Dzulo mwana wa eni anabwera mpaka pageti apo, misozi ili m'maso, inu munati ndimubweze."

A Rafaeli anakhala pansi. Anafunafuna m'mutu mwawo munthu woti amukwiyire, monga anazolowera, koma mndandanda unali utatha. Anatsala iwo okha. Kumsewu kunkadutsa ana ochokera ku sukulu, ndipo kwa nthawi yoyamba anavomera mumtima kuti akungoona mitundu ya malaya, nkhope ayi.

"Ntchito yapita," anatero.

"Ndamva. Maso ndiye tikaonetsa mawa, ndikuperekezani."

Iwo sanatsutse. Patapita kanthawi anapisa m'thumba n'kutulutsa foni. Panali mawu amene anayenera kunenedwa lero lomwe, asanazizire, kwa munthu amene anamunyoza pamaso pa bwana wake. Anatsegula pamene pamakhala mayina. Anaiyandikitsa foniyo kumaso, anaitalikitsa, anaitchinga dzuwa ndi dzanja. Kenako anaitambasulira kwa akazi awo.

"Amayi a Rejoice, ndipezereni dzina la mwana uja. Ine sindikuliona."